Msomali M'malo mwa Fyuzi

Pa Chipoka, ukangodumpha njanji n'kutsikira kumunsi pang'ono, panali nyumba ya malata yokhala ndi mtengo wa mango pakhomo, ndipo pansi pa mtengowo pankaima pikapu yoyera yokalamba. Eni ake anali a Lawson Kamtedza, katswiri wa magetsi a galimoto. Dzina limeneli linangotsala pa chitupa, chifukwa dera lonse linkawatchula kuti a Fyuzi. M'thumba la malaya awo simunkasowa kachitini ka mafyuzi agalasi, ndipo munthu akabwera ndi galimoto yozima nyali ankayamba walandira ulaliki asanalandire thandizo.

Ulaliki wake unali umodzi womwewo chaka ndi chaka. Ankakweza kagalasiko m'mwamba, n'kuloza kawaya koonda ka m'kati mwake, n'kunena kuti kameneka anakapanga kuti kazifa. Magetsi akachuluka kuposa mmene mawaya angapiririre, iko kamaduka msanga, galimoto n'kupulumuka.

"Fyuzi ikapsa musaikwiyire, ikukuuzani zoona," ankatero. "Mukaitseka pakamwa, chipsa china m'malo mwake."

Pakhomopo panali pamtendere. Akazi awo, mayi Molly, ankaimba kwaya, ndipo m'mawa uliwonse banja linkayamba lapemphera aliyense asanagwire ntchito. Ana analipo awiri. Woyamba anali Triza, amene mwamuna wake anali ku Joni, ndipo iye anali atabwerera kwa makolo ndi pakati pake poyamba. Wachiwiri anali Chrispin, wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, wamanja abwino pa mawaya ngati bambo ake, koma wamakutu opepuka.

Pikapu ija sinali ya banja lokha. Wodwala akathina, anthu ankathamangira kwa a Fyuzi. Munthu akamwalira, inali yomweyo yonyamula bokosi, itamangidwa nthambi zamasamba kutsogolo, amayi akuimba kumbuyo. Ikamadutsa choncho apanjinga ankatsika, abambo n'kuvula zipewa. Lamulungu inkanyamula zida za kwaya, ndipo kiyi wa kachipinda kosungiramo zidazo ankasunga Chrispin, chifukwa mpingo unkamukhulupirira ngati mmene unkakhulupirira bambo ake.

Chimene chinkamudya Chrispin mumtima chinali dzina limene anzake anamupatsa: dalaivala wa akufa. Akaima pa depoti ku Salima anyamata ankachita dala kuvula zisoti, atsikana n'kumasekera m'manja. Iye ankaseka nawo, koma pobwerera ankayendetsa mano ali gwa.

Loweruka lina anaona galimoto ya ukwati ikudutsa paboma, nyimbo zikugwedeza magalasi a masitolo, ana akuithamangira. Atafika kunyumba anafunsa bambo ake ngati pikapu yawo ingathe kunyamula ampulifaya yaikulu.

A Lawson sanamuseke. Anatenga mita yawo, n'kuilumikiza ku batire, n'kumuuza kuti alize injini. Kenako anati ayatse nyali, ayatse mawaipa, aimbe hutala, uku akuyang'ana muvi wa mita. Muviwo unkatsika nthawi iliyonse akawonjezera chinthu. Ndiye anamufotokozera kuti otaneta, kachipangizo kopanga magetsi injini ikamayenda, ndiye chitsime, pamene batire ndi ndowa chabe yotungiramo. Chitsime cha pikapu yawo chinali chaching'ono, chongokwanira nyali, hutala ndi kawayilesi, pamene ampulifaya yaikulu imamwa kuposa zonsezo pamodzi. Wofuna kuiika ayenera kusintha otaneta, kukoka waya wonenepa kuchokera ku batire, ndi kuika fyuzi yakeyake pafupi ndi batirepo.

"Ndiye yankho n'lakuti ayi," anamaliza motero. "Ndipo ngakhale utachita zonsezo, mwana wanga, galimoto ino si ya dansi. Anthu amaidalira tsiku loipa."

Chakumapeto kwa Seputembala asodzi a ku Mbenji anawaitana a Lawson kuti akawakonzere mawaya a nyali ndi injini za maboti, ntchito ya mwezi wathunthu. Asananyamuke anamuitana Chrispin pansi pa mango paja n'kumupatsa makiyi. Kusikelo anali atanena kuti mwana wa Triza wagona chopingasa, choncho ayenera kukachirira ku chipatala cha paboma, osati kwina. Tsiku lake linali chakumayambiriro kwa Novembala, koma a Lawson anati mimba siwerenga kalendala.

"Matola uzipanga, sindikukuletsa. Koma mafuta asathe, batire ikhale yodzaza, ndipo m'mawaya anga usalowemo. Galimoto iyi ikudikira mlongo wako."

Chrispin anavomera, ndipo pa nthawiyo ankanena zoona.

Satana wake anali Steven, wothira nyimbo m'mafoni pafupi ndi depoti. Munthu ameneyu, abale, akanatha kukugulitsa nsapato zako zomwe wavala. Atamva zimene a Fyuzi ananena anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati madala aja anaphunzira magetsi nthawi ya makandulo, iye waika maampulifaya m'maminibasi osawerengeka ndipo palibe inapsa. Masipika awiri aakulu anali nawo kale, ongokhala. Chosowa chinali ampulifaya basi. Akaipeza, maukwati onse a ku Senga Bay adzakhala awo, ndipo dzina la dalaivala wa akufa lidzafa lokha.

"Ampulifaya ndiipeza kuti?"

"Iwe, kiyi ali m'thumba mwako ndi wa chiyani? Chinthu chimagwira ntchito tsiku limodzi pa sabata, masiku enawo chimangofunda nsalu. Si kuba kumeneko, n'kubwereka."

Mpingo unali utangogula ampulifaya yatsopano, amayi atagulitsa mpunga ndi mandasi chaka chonse. Chrispin analimbana ndi maganizo masiku anayi. Lachiwiri masana, anthu ali m'mithunzi kuthawa dzuwa, anaimika pikapu kuseri kwa tchalitchi. M'katimo munali zii, nkhunda zokha zikuyendayenda padenga. Ampulifaya inali itafunditsidwa nsalu yoyera imene mayi ake anapeta maluwa m'mphepete. Anaivundukula, n'kupinda nsaluyo bwinobwino ngati munthu waulemu, n'kunyamula katunduyo. Potuluka anathyola loko ndi chitsulo kuti zioneke ngati ntchito ya akuba ochokera kutali.

Lachitatu akwaya anapeza loko ali pansi. Mayi Molly anabwera kunyumba nsalu ija ili m'manja, maso ali psuu. Anakhala pakhonde n'kumaitembenuzatembenuza, akudabwa kuti ndi wakuba wamtundu wanji wopinda nsalu. Iwo sanali munthu wotemberera, koma tsiku limenelo mtima unawawawa kwambiri.

"Amene watenga chinthu cha Mulungu chija, chizilira m'makutu mwake mpaka achibweze."

Chrispin anali pomwepo akutsuka matayala. Anapitiriza kutsuka tayala limene linali loyera kale.

Lachinayi anaiika ampulifaya ija m'pikapu, kuseri kwa kanyumba ka Steven. Malo obisika anali amodzi okha, kumbuyo kwa mpando, pamene pankakhala bokosi la zitsulo la a Lawson. Analitulutsa n'kulisiya kwa Steven. Waya wonenepa analibe, ndiye Steven anasenda chingwe chakale cha ayironi, n'kuchidutsa pansi pa mphasa ya mbali ya pasenjala, chikukhuza mphepete yakuthwa ya chitsulo, n'kukachilumikiza pa bokosi la mafyuzi. Chrispin ankadziwa kuti chilichonse pamenepo n'cholakwika. Koma ankangopereka tepi.

Atayatsa, nyimbo inagunda kamodzi, thi! zonse zii. Fyuzi inali itapsa. Chrispin anatenga ina m'kachitini kena kamene bambo ake anasiya m'galimoto. Inapsanso. Yachitatu inada bii galasi lonse. Apo anati mwina angosiya.

Steven anatola msomali pansi, n'kuudula ndi pulayala kuti ufanane kutalika ndi fyuzi, n'kuukanikiza pamalopo. Unakwana ndendende.

"Timachita dairekiti ife. Uwu supsa, ngakhale mdzukulu wako adzaupeza."

Nyimbo inaphulika, malata a nyumba zoyandikana n'kuyamba kunjenjemera. Anthu anatuluka m'mashopu. Anyamata aja ovula zisoti anabwera akuvina, wina n'kumumenya Chrispin paphewa akumutchula kuti bwana. Kunena zoona anasangalala tsiku limenelo, ndipo anaona ngati bambo ake anangomuopseza. Sanasamale kuti kanyali ka padenga kankafooka ndi kugunda kulikonse kwa ng'oma, ngati diso la munthu amene akukomoka.

Pobwerera ku Chipoka anatsitsa masipika aakulu aja kwa Steven, n'kusiya kamodzi kakang'ono kobisika pansi pa mpando. Atadutsa nyumba zomaliza za paboma anazimitsa nyimbo kuti kwawo asamve. Apo m'pamene anayamba kukumva.

Kunali kulira. Kunayamba pansipansi, koonda, ngati mayi akulira maliro kutsidya la dambo. Akaponda moto kunkakwera, akasintha giya kunkadukiza ngati munthu akupuma, kenako n'kuyambiranso. Anazimitsa wayilesi, koma sikunasiye, poti ampulifaya anailumikiza mosadutsa pa swichi iliyonse. Chrispin anali mwana wa katswiri, ndipo ankadziwa kuti otaneta ikalemedwa, mawaya akakhala osalongosoka, phokoso lake limalowa m'masipika. Anadziuza zimenezo mokweza, kawiri. Koma tsitsi linamuimabe, chifukwa mawuwo anali a munthu wamkazi.

Patsogolo pake bambo wina wapanjinga anatembenuka, n'kutsika msangamsanga, n'kuvula chipewa. Patsogolo pang'ono amayi atatu osenza nkhuni anapatuka n'kuima mitu ili pansi. Galimoto inalibe nthambi, kumbuyo kunalibe bokosi. Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu anaima kuti agule tomato wa mayi ake, ndipo wogulitsayo, asanamupatse moni, anasuzumira kumbuyo kwa pikapu n'kufunsa motsitsa mawu kuti watisiya ndani.

"Palibe amene wamwalira, mayi."

"Nanga akulirawo ndani?"

Masabata awiri anatha choncho. Paboma anali bwana, wopita ku maukwati ndi ku mipira, mowa akumugulira ena, ndipo amene sanalawepo chiyambire anayamba kufika kunyumba akutafuna chingamu. Panjira anali yekha ndi kulira kuja. Pofika pafupi ndi kwawo ankazimitsa injini n'kulowa pakhomo galimoto ikungoyenda yokha. Koma ngakhale injini itazima, pansi pa mpando pankatsala kung'ung'udza kwapansipansi kosatha, ampulifaya ikumwa batire usana ndi usiku. Galu wa pakhomopo, amene kuyambira ali kamwana ankagona pansi pa pikapu, anasamukira kuseri kwa bafa.

Tsiku lina masana Triza anali atakhala pamkeka pansi pa mango, miyendo itatupa. Anamuitana mlongo wake n'kumuuza kuti m'galimotomo muli munthu akubuula. Ananena mosaseka, dzanja lili pamimba, ndipo anati mwana amasiya kusuntha iye akakhala pafupi nayo. Mayi Molly anati galimotoyo yanyamula maliro ambiri, bambo akabwera aitane abusa adzaipempherere. Chrispin anati ndi batire chabe ikuzizira, n'kusuntha mkeka wa Triza kupita nawo kukhonde.

Chenjezo lomaliza linabwera pa depoti. Batire inafa, galimoto n'kukana kulira. Amene anamuthandiza ndi mawaya anali a Idi, dalaivala wa lole ya nsomba, mnzawo wa a Lawson wa kalekale. Injini italira, a Idi anaima n'kupendeketsa mutu, kenako analowetsa mphuno pawindo n'kununkhiza.

"Wallahi, muno mukupsa waya. Iwe ndiwe mwana wa a Fyuzi, fungo ili sukulimva? Chimene waikamo chichotse lero, usadikire mawa."

Chrispin anathokoza mwaulemu n'kulonjeza. Ndipo anatsimikizadi mumtima kuti achotsa, akangomaliza ukwati wa Loweruka umene Steven anali atapangana kale ndi eni ake. Masiku atatu okha, anatero. Kunali kudakali sabata yathunthu kuti bambo ake abwere.

A Lawson anafika Lachisanu cha m'ma leveni, ntchito itatha msanga, atanyamula kathumba ka utaka wouma. Sanakhale n'komwe pansi. Ali pakati polonjerana ndi akazi awo, Triza anakuwa m'nyumba, ndipo mayi Molly atalowa anatuluka nkhope itasintha. Matenda anali atayamba masabata atatu nthawi isanakwane, ndipo magazi ankatuluka.

Anamukhazika kutsogolo, mayi ake atamugwirira kukhomo. Chrispin anapotokola kiyi. Galimoto inangoti kete, osalira. A Lawson anamuyang'ana, n'kuitana anthu apafupi kuti akankhe. Italira injini, kulira kuja kunadzuka pansi pa mpando, kokwera kuposa masiku onse, ndipo amayi amene anathandiza kukankha anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

A Lawson anabwera pawindo la dalaivala. Anayankhula motsitsa kuti Triza asamve.

"Chrispin, pali chimene wasintha m'galimoto muno? Ndiuze panopa, ndichotsa mphindi imodzi."

Mphindi imodzi, abale inu. Kukoka msomali ndi zala ziwiri, kuika fyuzi, basi. Koma mayi ake anali pomwepo, ndipo kunena za msomali kunali kunena za ampulifaya, kunena za loko, kunena za nsalu yopinda ija.

"Palibe, bambo. Ndi lamba wa injini akulira."

A Lawson ankadziwa kulira kwa lamba ngati mmene ankadziwira mawu a ana awo. Koma Triza anabuula, nthawi inalibe, ndipo mwana wawo anali asanawanamizepo. Anakwera kumbuyo n'kumenya padenga kuti anyamuke.

Dzuwa la Okutobala linali pamutu, msewu ukuchita ngati ukuyandama. Chrispin anaponda moto mpaka pansi, ndipo kulira kunakwera naye. Mayi Molly anayamba kuimba nyimbo ya kwaya kuti akuphimbe, koma mawu awo ankamira. M'mbali mwa msewu anthu ankatsika panjinga mmodzimmodzi, zipewa zili m'manja. Triza anatsegula maso n'kufunsa kuti anthuwo akuvulira ndani.

Ali pakatikati pa ulendo, pamalo a milambe popanda nyumba pafupi, tayala linagwa m'dzenje. Pansi pa mphasa, chingwe cha ayironi chija, chimene chitsulo chinakhala chikuchidya masabata atatu, chinakhudza thupi la galimoto. Fyuzi ikanaduka pomwepo ndipo akanangotaya nyimbo. Msomali sunaduke. Kulira kunasiya mwadzidzidzi, kunali zii, kenako utsi woyera unatuluka pakati pa mapazi a Triza, injini n'kuzima.

A Lawson anadumpha galimoto isanaime. Anakuwa kuti atulutseni, koma Triza sankatha kudzuka ndipo mayi Molly okha sakanamunyamula. Mphasa inali itayamba kuyaka. Iwo anadziwa kuti moto wa waya suzima batire isanachotsedwe, ndiye anatsegula boneti, n'kuthamangira kumbuyo kwa mpando kuti atenge sipanala. Dzanja lawo linagwira chitsulo chotentha chosalala. Anasuzumira. Bokosi la zitsulo panalibe, panali ampulifaya ya mpingo, dzina la kwaya litapalidwa ndi mpeni koma likuwerengekabe.

Anamuyang'ana Chrispin kamodzi kokha. Kenako anabwerera kutsogolo, kumene waya wamkulu wochokera ku batire unali utafiira ngati khala, pulasitiki yake ikudontha. Anaugwira ndi manja onse awiri n'kukoka. Sunaduke. Anaukulunga m'zala, n'kuponda bampala, n'kukokanso ndi thupi lonse mpaka unathothoka. Chrispin anamva fungo lake ali mbali inayo akutulutsa mlongo wake, ndipo fungo limenelo sanaliiwale.

Moto wa pamphasa anauzimitsa ndi mchenga. Triza anamugoneka pa chitenje mumthunzi wa mlambe. A Lawson anakhala pansi, manja atawatambasula kutsogolo ngati si awo, osabuula n'komwe. Msewu unali wopanda kanthu. Minibasi yoyamba inali yodzaza mpaka pakhomo ndipo inangodutsa. Chrispin anaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba, akulira ngati kamwana, kufikira lole ya simenti inaima. Pofika ku chipatala panali patatha maola awiri kuchokera pamene ananyamuka, ulendo wa theka la ola.

Madokotala anamupulumutsa Triza. Mwana, wamwamuna, anamupeza atapita kale, ndipo anati akanafika msanga zikanakhala zina.

Kwathu kuno khanda lopita lisanalire sililiridwa. Sipakhala nthambi pamsewu, sipakhala bokosi lonyamula pagalimoto, sipakhala nyimbo. Amayi achikulire ochepa amalitenga mwakachetechete n'kukaliika, abambo osapitako, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asatulutse mawu. Ndi mmene zinachitikira. Tsiku limenelo Chrispin anakhala pansi pa mango, pamalo opanda galimoto, akuona amayi anayi akutuluka kuseri kwa nyumba ndi kamtolo kakang'ono. Mayi Molly anali pakati pawo, milomo ataluma. Pakhomo ponse panali zii, moti ankamva ntchentche. Apo m'pamene anazindikira chimene anakhala akumva panjira ya ku Salima. Maliro amene anthu sanaloledwe kulira, galimoto inali itawalira kale masabata atatu, iye ali pachiwongolero, ndipo apanjinga onse aja anavulira zipewa mwana wa mlongo wake.

Steven atamva, anatseka kanyumba kake n'kulowera ku Lilongwe, bokosi la zitsulo n'kupita nalo.

Palibe amene anamukakamiza Chrispin kuulula. A Lawson ali m'chipatala sanauze munthu chimene anaona kumbuyo kwa mpando, ngakhale akazi awo. Chete ameneyo ndiye anamulemera kuposa ndodo. Lamulungu lachiwiri Chrispin anapita pamene anakokera pikapu, n'kumasula ampulifaya yakuda ndi utsi, n'kuzula msomali uja pa bokosi la mafyuzi. Zonse zozungulira zinali zitasungunuka, koma msomaliwo unali bwinobwino monga Steven analonjezera. Analowa nazo m'tchalitchi anthu ali pakati pa mapemphero, n'kuziika patsogolo, n'kunena zonse kuyambira pa loko mpaka pa bodza la pawindo. Mayi Molly anadzuka pa benchi ya kwaya n'kutuluka panja. Anakumbukira mawu amene ananena pakhonde, ndipo mpaka lero saimbanso.

Mpingo unamuika pa chilango, pambuyo pake n'kumulandiranso. Triza anatha chaka osamuyankhula. Tsiku limene anamuyankhula anangomupempha kuti amupatsire mchere, ndipo Chrispin anatuluka panja kukalira.

A Lawson anatuluka m'chipatala zala zitapindikira m'kati, zosatambasuka. Supuni amagwira ndi manja awiri. Kagalasi ka fyuzi sangakatole n'komwe. Pansi pa mango paja ntchito ikuchitikabe, koma iwo amakhala pampando n'kumanena, Chrispin n'kumagwira. Za tsiku lija sanamufunsepo. Anangonena kamodzi, akuyang'ana manja awo, kuti anamuuza kuti chipsa china, koma sankadziwa kuti chipsa n'chiyani.

Anyamata amabwerabe ndi magalimoto awo kudzafunsa ngati angathe kunyamula ampulifaya yaikulu. Chrispin amatenga mita, n'kuyeza, n'kuwauza zoona zake, kuti iyi ingathe mukasintha otaneta ndi waya, iyi ayi. Wina akanena kuti fyuzi ikuvutitsa, angochita dairekiti, iye sakangana naye. Amatsegula kachitini ka bambo ake, n'kutulutsa msomali wodula uja, n'kumuika munthuyo m'dzanja, kenako n'kumuuza kuti apite akapereke moni wa m'manja kwa madala ali pampandowo.

Iwe wachinyamata amene ukuwerenga izi, Mulungu anakuikira mafyuzi: mawu a bambo ako, misozi ya mayi ako, munthu wachilendo wokuuza kuti muno mukununkha, ndi kamtima kaja kamene kamanjenjemera dzanja likamatenga chinthu cha eni. Zikakuletsa kamodzi, kawiri, katatu, usafunefune msomali. Tchimo ukalichita dairekiti silisiya kutentha, limangosamukira pamene sukuona, ndipo kawirikawiri amene amapsa si iwe. Chrispin ali ndi zala zake zonse khumi, ndipo m'mawa uliwonse amamanga nazo mabatani a malaya a bambo ake.